Wodziwa Chiswe Sagumula Chulu

M'midzi yomwe minda yake imathera m'mphepete mwa nkhalango, monga kuzungulira Dzalanyama, Thuma, Chimaliro ndi Zomba-Malosa, muli luso lina lomwe salembera mayeso, koma zipatso zake zimaoneka m'nkhokwe ndi m'mbale ya ndiwo. Limeneli ndi luso lodziwa chiswe. Alimi ambiri amachitenga chiswe chonse ngati mdani mmodzi, ndipo chimanga chikagwa amasenza khasu kulunjika pa chulu chomwe chili pafupi. Koma pafupifupi m'mudzi uliwonse mumapezeka munthu mmodzi kapena awiri, nthawi zambiri achikulire, omwe sathamangira khasu. Iwo amayamba anjuta, kuzula phesi logwalo, n'kuling'amba pakati. Zomwe apeza m'menemo ndizo zimawauza chochita. Anthu otere ndi amisiri, ndipo ntchito yawo ndi yoyenera kuiyang'anitsitsa.

Phesi limaulula wolakwa

Mmisiri wa chiswe amadziwa kuti mtundu uliwonse umasiya chizindikiro chakechake. Akapeza kuti mizu yadyedwa kuchokera pansi, m'kati mwa phesi mwasanduka mphako yodzaza ndi dothi, ndipo tizilombo tomwe tikuyenda m'menemo n'tating'ono kwambiri komanso totuwa, amadziwa kuti chulu chija chilibe mlandu. Ichi ndi chiswe chomwe akatswiri a tizilombo amachitcha Microtermes. Sichimanga chulu konse. Chimakhala m'tizipinda tomwazikana pansi pa munda wonse, ndipo m'chilimwe chimatsika kupitirira mita imodzi kutsata chinyontho. Chimanga chomwe chalowedwa ndi chiswe chimenechi chimaoneka chabwinobwino mpaka tsiku lomwe mphepo yaomba, pomwe mzere wonse umapezeka uli pansi. Ndi chomwechinso chimaboola muzu waukulu wa mtedza, mbewuyo n'kufota dzuwa likuswa mtengo ngakhale nthaka ili yonyowa. Chikakanda makoko a mtedza chimatsegulira chuku njira, ndipo mtedza wa chuku ndi woopsa kudya komanso sulowa pa msika wabwino.

Akapeza kuti phesi kapena mtengo wa chinangwa wamatidwa kunja ndi dothi lopyapyala lomwe likufumbutuka akalikhudza, amadziwa kuti wafika ndi wina. Kawirikawiri ameneyu ndi Odontotermes, yemwe amadzimangira kadenga ka dothi kuti adye makoko ouma mobisalira dzuwa ndi nyerere. Akapeza kuti phesi ladulidwa patsinde penipeni, ndipo pakuyenda agang'a a mitu ikuluikulu yofiira omwe akakuluma chala magazi amatuluka, apo ndiye amatembenukira ku chulu. Ameneyo ndi Macrotermes, mwini zulu zikuluzikulu. Nayenso amaononga, makamaka chimanga chikayamba kuuma, ndipo mbande za bulugamu amazikonda kwambiri. Mmisiri samubakira. Amangokana kumusenzetsa milandu ya anzake.

Palinso tizulu tating'ono tolimba, tina tovala chisoti pamwamba, tomwe timapezeka m'mbali mwa madambo ndi pansi pa mitengo ya tsamba ndi mombo. Mmenemo mumakhala chiswe cha mtundu wa Cubitermes, chomwe chakudya chake ndi dothi lokhala ndi zoolerana. Sichikhudza mbewu. Wodziwa amachilambalala polima, kapena amathyolako chidutswa n'kukaponyera anapiye, chulucho n'kupitiriza kukhala.

Padziko lonse pali mitundu ya chiswe pafupifupi 3,000, ndipo yomwe imaononga mbewu kapena nyumba ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 kapena kupitirirako pang'ono. Mlimi wa ku Dzalanyama sadawerenge chiwerengero chimenechi, koma manja ake amachidziwa. Pa mitundu yonse yomwe amakumana nayo chaka chilichonse, yomwe amalimbana nayo ndi iwiri kapena itatu.

Chifukwa chake munda watsopano umalira chiswe

Munda wa m'mphepete mwa nkhalango ndi malo omwe luso limeneli limayesedwa kwambiri. M'nkhalango muli masamba ogwa, nthambi zouma, zitsa ndi mthunzi, kotero mitundu yambiri ya chiswe imagawana chakudya popanda wina kuchuluka mopyola. Mulinso adani ake: linthumbu, nyerere zosiyanasiyana, mbalame, achule ndi ngaka. Munthu akagwetsa mitengo, kutentha zinyalala n'kuunga mizere, zonsezi zimasintha m'nyengo imodzi kapena ziwiri.

Zimenezi zidaoneka bwino m'nkhalango ya Mbalmayo ku Cameroon m'zaka za m'ma 1990, komwe Paul Eggleton ndi anzake adapeza mitundu ya chiswe yoposa 100. Pomwe mitengo idagwetsedwa yonse, mitundu yambiri idasowa, ndipo yomwe idayamba kutha ndi yodya dothi ija, chifukwa matupi ake ndi ofewa ndipo sapirira nthaka yotentha ndi youma. M'minda ya kuno kwathu yomwe imatsala ndi mitundu yolimba, yodziwa kukumba mozama ndi kusunga chakudya pansi. Nkhuni zake zatengedwa, masamba ake atenthedwa, adani ake athawa. Chomwe chatsala pamalopo ndi chimanga, mtedza ndi chinangwa cha mlimi.

Mmisiri amamvetsa kuti chiswe chomwe chalowa m'mbewu yake ndi chiswe chanjala, ndipo ulimi wake wonse amaukonza potsata zimenezi. Satentha mapesi. Amawagoneka pakati pa mizere kuti chiswe chipeze chouma choti chidye, popeza pakakhala chouma ndi chachiwisi chimayamba ndi chouma. Anzake amamuchenjeza kuti kuphimbira kumaitana chiswe, ndipo iye sakana. Chimabweradi, koma chimatanganidwa ndi mapesiwo, ndipo ngalande zomwe chimakumba zimamwetsa madzi a mvula m'nthaka. Chomwe amayang'anira ndi chakuti zophimbirazo zisathe chimanga chisanakhwime, pakuti nthawi yoopsa ndi yomwe chiswe chachuluka koma chakudya chatha.

Popalira amasamala pomwe akuika udzu. Pamalo pomwe akudziwa kuti chiswe n'chambiri saunjikira udzu patsinde la chimanga, ndipo pobandira amapewa kudula mizu ndi khasu, chifukwa muzu wovulala ndi khomo. Amadziwa kuti ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale ikafooketsa mbewu, chiswe chimalowa mosavuta, choncho manyowa amawaona ngati mankhwala a chiswe. Amabzala nandolo, khobwe ndi maungu pakati pa chimanga kuti nthaka isakhale pambalambanda. Chimanga chikakhwima sachedwa kudula, ndipo mikukwe saisiya nthawi yaitali ili chiimire pa dothi. Chomwe chagwa amatola tsiku lomwelo, popeza chisononkho chikagona pansi masiku ochepa chimapezeka chitamatidwa ndi dothi.

Kafukufuku wa ku Msekera, pafupi ndi Chipata ku Zambia, yemwe Gudeta Sileshi ndi anzake adasindikiza mu 2005, adapeza zogwirizana ndi zimenezi. Chimanga cholimidwa pomwe padali mitengo yobwezeretsa chonde monga gliricidia chidagwa chochepa poyerekeza ndi chomwe chidalimidwa pachokha chaka ndi chaka ndi feteleza. Nthaka yokhala ndi masamba ndi timitengo imadyetsa chiswe, mbewu n'kupuma.

Mlimi mnzake wa pansi pa nthaka

Ulemu womwe mmisiri amapereka kwa chulu uli ndi maziko. Yemwe adaonapo m'kati mwa chulu cha Macrotermes amadziwa kuti mmenemo muli munda. Antchito amatuta udzu wouma, masamba ndi nkhuni, amazimeza, kenaka amaumba nazo zisa zofewa zabowobowo m'zipinda za pansi. Pa zisazo pamamera bowa wa mtundu wa Termitomyces, yemwe amafewetsa zinthu zolimba zomwe mimba ya chiswe siingathe kugaya payokha. Chiswe chimadya timibulu toyera ta bowayo ndi zisa zomwe zapsa, uku chikuwonjezera zatsopano pamwamba. Bowayo safuna kuzizira kapena kutentha kwambiri, ndipo m'kati mwa chulu kutentha kumakhala pafupi ndi madigiri 30. Makoma ake ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kusinthana kwa kutentha kwa usana ndi kuzizira kwa usiku kumayendetsa mpweya m'ngalande zake, woipa n'kumatuluka, wabwino n'kumalowa. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Mick Pearce, adatengera nzeru pa zulu pokonza nyumba ya Eastgate ku Harare, yomwe idatsegulidwa mu 1996 ndipo imadalira kwambiri kayendedwe ka mpweya wachilengedwe poziziritsa zipinda zake.

Ulimi wa chiswewu ndi wakale zedi. M'chigwa cha Rukwa ku Tanzania, kumpoto chakumadzulo kwa nyanja ya Malawi, mudapezeka zisa zotere zomwe zidasanduka miyala, ndipo lipoti la mu 2016 lidati zakhalako zaka 25 miliyoni. Pakatikati pa chulu, m'kachipinda kolimba ka dongo, mumakhala manthu ndi mwamuna wake. Manthu wamkulu amatalika masentimita 10 kapena kupitirira, amaikira mazira oposa 20,000 pa tsiku, ndipo amatha kukhala zaka zoposa 10. Ngumbi iliyonse yomwe imauluka ndi mwana wake yemwe akupita kukayambitsa mudzi wina.

Kutchera ngumbi

Pomwe luso limeneli limaonekera poyera ndi nyengo ya ngumbi. Chulu chili ndi mwini wake monga mmene munda ulili ndi mwini wake, ndipo kutchera pa chulu cha wina osapempha ndi mlandu. Mwini chulu amayamba kuchizonda mvula yoyamba ikangogwa, mu Novembala kapena Disembala. Amayang'ana dothi latsopano lonyowa lomwe antchito amata usiku. Amayang'ana pomwe ayamba kutsegula timakomo, ndi mmene agang'a akuzungulirira pamenepo. Amamva kutentha kwa chinyezi kwa masana otsatira mvula yamphamvu. Zikakumana zonsezi amauza a pakhomo pake kuti akonze ndowa, ndipo sikawirikawiri kuti aphonye tsiku.

Kukonza kwake kumayamba masiku angapo m'mbuyo. Amalambula mbali ya chulu yomwe ili ndi timakomo, mosamala kuti khasu lisaboole khoma, chifukwa chulu chovulala chimatanganidwa ndi kumata bala. M'munsi mwake amakumba dzenje, n'kukwiriramo mtsuko kapena ndowa mpaka m'milomo, ndipo dothi lozungulira amalisalaza kuti litsetserekere m'katimo. Kenaka amazika timitengo tofewa, kutipinda n'kutimanga ndi luzi, n'kufolera ndi udzu kapena masamba a nthochi. Kufoleraku ndiko kumasiyanitsa mmisiri ndi wongoyamba kumene. Pakatsala mpata pena paliponse, ngumbi zimathawira pomwepo. Pakatsekeka ponse, zimangounjikana m'kati osadziwa kolowera. Mmisiri amatseka ponse n'kusiya kampata kamodzi kokha, pamwamba penipeni pa mtsuko, popeza ngumbi imatsata kuwala. Zikatuluka usiku amaika nyali kapena muuni pafupi ndi kampatako. Zimathamangira kumeneko, zimaterereka, n'kugwera m'mtsuko momwe sizingathenso kukwera.

Ntchitoyi imafuna kupirira. Pali agang'a oluma, pali njoka zomwe zimakonda maenje a pa chulu, pali achule ndi linthumbu zomwe nazonso zadikira tsiku lomweli. Mmisiri amafika ndi ndodo, amaunika kaye asanapise dzanja, ndipo amawaza phulusa mozungulira dzenje kuti nyerere zisalowe. Mtsuko ukadzaza amaukhuthula msanga, chifukwa ngumbi zikapanikizana zimatenthana n'kuyamba kuonongeka. Nyengo ikatha amasasula udzu uja kuti chulu chipume. Sapisa khasu kufuna zomwe zatsalira m'kati, pakuti akudziwa kuti malinga manthu ali moyo, chaka chamawa chulucho chidzaperekanso.

Kunyumba ntchito imalowa m'manja ena odziwa. Ngumbi sizifuna mafuta a m'botolo popeza zili ndi akeake. Amayi amazitsuka, kuziika m'chiwaya chotentha, kuwaza timadzi ta mchere, n'kumatakasa pa moto wosakalipa mpaka zitachita bulauni n'kuyamba kunyezimira. Moto ukachuluka zimawawa, ukachepa zimanunkha pakapita masiku. Kenaka amaziyanika pa mphasa, kuzifikisa ndi zikhatho kuti mapiko athothoke, n'kuzipeta ndi lichero. Zouma bwino zimasungika milungu yambiri, ndipo zimapezeka pa misika ya Lilongwe, Zomba ndi Limbe zikugulitsidwa pa mbale. Zimabwera m'miyezi yomwe nkhokwe zambiri zayamba kupepuka, ndipo zili ndi mafuta, zomanga thupi ndi ayironi zomwe mwana amazisowa pa nthawi imeneyi.

Ngumbi zikapita, chulu sichileka kudyetsa. Ena amadziwa kuwedza agang'a: amalowetsa udzu wautali wonyowa m'bowo, agang'a amauluma osafuna kusiya, iwo n'kuusolola pang'onopang'ono n'kupululira m'madzi. Mmisiri amasiyanitsanso ngumbi ndi mafulufute. Ngakhale amatulukira pafupi ndi zulu nyengo yomweyo, mafulufute ndi a banja la nyerere. Brian Morris, yemwe adakhala zaka zambiri m'Malawi muno, adalemba zambiri za nzeru zoterezi m'buku lake la mu 2004 lotchedwa Insects and Human Life, ndipo aphunzitsi ake adali anthu a m'midzi.

Dothi, bowa ndi bwemba

Chiswe chimakwera ndi dongo kuchokera pansi kwambiri, kotero dothi la pa chulu limasunga madzi ndipo limakhala ndi michere yomwe mvula idakokolola m'nthaka ya pamwamba. Ichi n'chifukwa chake bwemba amakonda kumera pa chulu, ndipo maungu, nthochi ndi mpiru zobzalidwa m'tsinde mwake zimabiriwira ng'amba ikamaumitsa munda wonse. Alimi a m'madera a mchenga ku Zambia ndi ku Zimbabwe amatuta dothili n'kumwaza m'minda, ndipo kuno kwathu timaumbira njerwa ndi kuzirira nyumba. Apanso wodziwa amasiyana ndi wosadziwa. Wodziwa amasenga m'mbali, chaka chino uku, chaka chamawa uko, osafika pa zipinda za bowa. Amasakaniza dothilo ndi manyowa, podziwa kuti palokha limauma gwa. Chiswe chimamata pomwe wachotsapo, ndipo pakapita nyengo amapezanso lina.

Mvula ikakhazikika, bowa uja wolimidwa pansi amatulukira kunja. Utale womwe timaukonda ndi wa banja limeneli, ndipo phesi lake lalitali limachokera pa chisa cha chiswe. Ku Zambia kuli wina wa banja lomweli, Termitomyces titanicus, yemwe akatswiri adamulemba m'mabuku mu 1980, ndipo chisoti chake chimatha kufika pafupifupi mita imodzi m'mimba mwake. Bowa wa mtundu umenewu sanalole kulimidwa ndi anthu kuti azipezeka pa msika monga bowa wina. Wopha chulu waphanso utale wa pamalopo.

Pomwe amalimbana nacho

Tisaganize kuti mmisiriyu ndi wofatsa pa chilichonse. Pakhomo pake chiswe sachipatsa mpata. Nsanamira za nkhokwe ndi za khola amasankha za muwanga kapena tsanya, amaziwaula kumunsi asanazike, ndipo m'dzenje amathiramo phulusa. Nkhokwe amaikweza pa miyala, matumba a chimanga amawasanja pa thandala osatsamira khoma. Akaona kamzere ka dothi kakukwera pa chipupa amakagumula tsiku lomwelo n'kutsata komwe kachokera. Paja akulu adati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, ndipo iye chilichonse cha m'nyumba amachisuntha, kuchikutumula ndi kuchiyanika pa nthawi yake. Pa nazale ya mitengo amathira phulusa ndi madzi onyikamo masamba a nimu kapena a mthuthu, ndipo ena amakwirira zidutswa za nkhadze m'maenje obzalamo. Amadziwa kuti izi zimangothamangitsa kwa kanthawi, choncho amabwereza.

Chulu chikamera pa maziko a nyumba, amachikumba mpaka atatulutsa manthu. Koma chiweruzo chimenechi amachipereka pa chulu chimodzi chomwe wachipeza ndi mlandu, osati pa zulu zonse za m'dera. Kale anthu ankadalira mankhwala monga aldrin ndi dieldrin, omwe ankakhalitsa m'nthaka zaka zambiri, mpaka adaletsedwa pa pangano la ku Stockholm la mu 2001 chifukwa ankalowa m'zakudya ndi m'matupi a anthu. Lero ena amathirabe mankhwala a m'munda, ngakhale mafuta a galimoto, m'mabowo a chulu. Mmisiri amafunsa mafunso awiri: ndani adzadye ngumbi ndi bowa wa pamenepo, ndipo kodi Microtermes yemwe ali pansi pa mizere wamva chiyani? Chulu chimafa, koma chimanga chaka chotsatira chimagwabe.

Nzeru yogwira ntchito limodzi ndi chiswe yabala zipatso m'maiko enanso. Ku Burkina Faso, mlimi Yacouba Sawadogo adabwezeretsa nthaka yomwe idauma ngati thanthwe pokumba maenje otchedwa zaï n'kuthiramo manyowa. Manyowawo ankaitana chiswe, chiswe chinkaboola nthaka, madzi n'kumalowa, mpaka pamalopo padamera nkhalango. Mu 2018 adalandira mphoto ya Right Livelihood. Kumadera ouma a kumadzulo kwa Australia, kafukufuku wa mu 2011 adapeza kuti pomwe nyerere ndi chiswe zidasiyidwa m'nthaka, zokolola za tirigu zidaposa ndi 36 peresenti pomwe zidaphedwa ndi mankhwala.

Chomwe chimandigwira mtima pa amisiri athuwa ndi kuleza kwa maso awo. Munthu yemwe chimanga chake chagwa ali ndi chifukwa chokwiyira, koma iwo amayamba afunsa kuti wagwetsa ndani, wabwera chifukwa chiyani, ndipo akusowa chiyani. Luso lotere limatenga zaka kuti likhwime, ndipo limatha msanga nkhalango ikamabwerera m'mbuyo, zulu zikamathera m'mauvuni a njerwa, achinyamata akamakula osanjutapo pambali pa agogo awo m'munda.

Alangizi a zaulimi, mukafika m'mudzi musanatchule dzina la mankhwala, funsani kuti kuno wodziwa chiswe ndani, ndipo muyende naye m'mizere. Aphunzitsi, tengerani ana pa chulu chapafupi pamodzi ndi mwini wake. Nanu alimi anzanga, chimanga chikagwa chaka chino, ng'ambani kaye phesi muone za m'kati musanasenze khasu.